Galasi la Mfuti ya Atate Aakulu

Ku Wheaton kuno ku Amereka anthu amandidziwa ndi zinthu ziwiri: mchere umene ndinathira m'shuga wa azimayi a kumpingo, ndi chule amene anapezeka m'chikwama cha aphunzitsi a masamu. Zonsezo ndinachitadi, ndipo mpata utapezeka ndikhoza kubwereza, chifukwa nkhope ya aphunzitsi aja inali yofunika kuiona kawiri. Koma ntchito yanga yaikulu ndinaigwira Loweruka lina mwezi wathawu, pamsewu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe amene amaitchula. Ndiye ndati ndiilembe ndekha.

Ine ndine Edina, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Abambo anga, a Mbewe, ndi dalaivala ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu, ndipo kuno takhalako zaka zitatu. Kumudzi ku Kasungu anasiyako akulu awo, a Yotamu, amene ife ana timawatchula kuti atate aakulu. Ndi amene analera abambo makolo awo atatha, ndi amenenso anawaphunzitsa kugwira chiwongolero pa thirakitala ya ku esiteti. A Yotamu anali mlenje wa boma. Nguluwe kapena njovu zikalowa m'minda ya anthu, oitanidwa ankakhala iwo.

Kalata yawo inali itakhala milungu itatu m'thumba la jekete la abambo. Analemba kuti maso ayamba kuchita nkhungu, kuti anaphonya nguluwe kawiri anthu akuona, ndipo mabwana anena kuti akaphonyanso mfuti aipereka kwa wina. Ankapempha chinthu chimodzi chokha, galasi la mfuti, kachubu kaja amamangirira pamsana pa mfuti kuti nyama yakutali ioneke ngati ili pakhomo. Anati likhale lopepuka chifukwa phewa lawo linatha, lisalemere kuposa tochi ya mabatire awiri. Lisalowe madzi m'dzinja. Lisasunthe mfuti ikamenya phewa. Kuseri kwa pepalalo anajambula ndi pensulo msana wa mfutiyo, pamene galasi lidzakhale. Munthu wina wa kuntchito kwa abambo ankanyamuka Lachitatu kupita kwathu, choncho galasilo linkayenera kugulidwa Loweruka limenelo.

Foni inalira m'mamawa abambo ali pansi kutsuka galimoto. Ife tili ndi mafoni awiri, ya pabalaza ndi ya kuchipinda, ndipo ine ndili ndi luso lonyamula yachiwiriyo osamveka. Amayi anayankha ya pabalaza. Anali msuweni wa abambo wa ku Lilongwe, akukuwa m'kati mwa phokoso la waya. A Yotamu atisiya dzulo. Chibayo, masiku anayi okha. Maliro aikidwa lero lomwe chifukwa kunja kukutentha.

Amayi anandipeza foni idakali kukhutu. Sanandikalipire. Anatseka chitseko, n'kundikhazika pabedi, n'kundiuza kuti uthenga ngati umenewu mkazi sauza mwamuna wake ali awiri, makamaka mwamuna wodwala bipii. Pafunika akuluakulu, munthu amukhazike pansi, amuzungulire, ndiye amuuze pang'onopang'ono. Woyenera kutsogolera anali a Chirwa, mkulu wa mpingo wathu, koma iwo anali ku New York ndipo sitima ikanawafikitsa madzulo.

"Zaka zonsezi wandichititsa manyazi ndi mabodza ako," anatero amayi, misozi ikutsika koma mawu ali owongoka. "Lero ndikuwafuna. Bambo ako asafike pano sikisi koloko isanakwane. Asaimbe foni, asadutse kuntchito."

Umenewu unali ulemu woyamba umene luso langa linalandirapo m'nyumba mwathu, ndipo ndikanakonda ukanabwera tsiku lina.

Abambo maganizo awo anali okagula pasitolo ina ya pafupi n'kubwerako teni koloko isanakwane. Ndinatsika masitepe nditasamba kumaso kawiri, n'kuwauza kuti ndili ndi mnzanga kusukulu amene bambo ake amasaka agwape, ndipo akuti sitolo ya pafupiyo imagulitsa zidole, zenizeni zili ku Alexandria. Mnzangayo kulibe. Abambo anandiyang'ana modabwa, poti ine Loweruka ndimadzuka dzuwa lili pamutu, kenaka anasangalala. Anati ndikwere, ndidzalembe ndekha m'kalata kuti ndinasankha nawo. Anabwerera m'nyumba kukatenga tochi ya kukhitchini, ndipo amayi anawapatsira kumbali, akunamizira kutsuka mbale.

Titalowa msewu waukulu wozungulira mzinda, bodza langa linandibalira mwana. Abambo anati poti tikupita ku Alexandria, tikatenge a Tembo, aja amadzitama kuti anapha njati ku Luangwa. A Tembo ndi a ku Chipata, amagwira ntchito ku banki yaikulu ija ya maiko onse, ndipo ubwenzi wawo ndi abambo ndi wotukwanana basi. Iwo amati abambo ndi "ba Nyasa", abambo amati iwo ndi "a Kalaliki". Vuto linali lakuti akazi awo ndi mnzawo wa amayi wa ponda apa n'pondepo, ndipo akanaitanidwa kudzaphika pamaliro. Titafika, mayiwo anali atapita kukagula zinthu, asanamve kanthu. Koma ndinadziwa kuti a Tembo akangoimba foni kunyumba kwawo, zonse zatha, chifukwa pakamwa pawo sipatseka.

Anakhala kutsogolo, mimba ikugunda dashibodi, ine kumbuyo ndi tochi. Tisanayende n'komwe anayamba.

"Imwe ba Nyasa, muyendesa motoka monga tipeleka maliro. Pondani mafuta, si ya kazembe iyi."

Abambo anaseka, n'kuyankha kuti munthu amene anapha njati ndi pakamwa asaphunzitse anzake kuyendetsa. Ine ndinayang'ana pawindo.

Sitolo ya ku Alexandria inali yaikulu, yowala ngati chipatala. Wogulitsa, mnyamata wovala tayi, anatulutsa galasi lalitali ngati mkono wanga, lokhala ndi mphete zopotokola paliponse, akuti limakuza chinthu katatu mpaka kasanu ndi kanayi, munthu kusankha yekha. A Tembo analikonda pomwepo. Abambo anaika galasi m'dzanja lamanja, tochi m'dzanja lamanzere, n'kumakweza manjawo mosinthanasinthana ngati mayi woyesa nsomba pamsika. Wogulitsayo anafunsa ngati magetsi azima kwathu. Abambo analitsitsa, n'kupempha lina. Anayesa asanu, ndipo onse tochi inawagonjetsa. Ine ndinali pakona kuwerenga magazini ya alenje, osati chifukwa choikonda, koma kuti nkhope yanga ikhale kuseri kwa pepala. M'menemo ndinawerengamo kuti galasi labodza limadziwika ukaliika pozizira n'kulitulutsa, limachita nthunzi m'kati.

Potuluka a Tembo anati aimbe kaye kunyumba, awauze amayi kuti nkhomaliro asawadikire. Panja panali foni ya m'kanyumba ka magalasi. Ndinawatsogolera mothamanga ngati mwana waulemu wokawatsegulira chitseko, ndipo chingamu chimene ndinkatafuna chinalowa m'kabowo koponyera ndalama. A Tembo analimbana nako, anatukwana dziko la Amereka lonse kuti lili ndi ndege zopita kumwezi koma foni yake siigwira, n'kubwerera m'galimoto. Wogulitsa uja anali atatchula sitolo ina ya ku Upper Marlboro. Ndinaikumbutsa mokweza.

Pamlatho wa pamtsinje wa Potomac Mulungu anandithandiza. Mlathowo umatseguka pakati kuti zombo zidutse, ndipo tinaupeza utakweza manja m'mwamba, magalimoto ali ndondondo kumbuyo kwathu. Anthu anazimitsa mainjini. Wina wa lole anatsika kukasuta, mayi wina m'galimoto ya pambali pathu ankadyetsa galu wake masikono. Chimene chinkadutsa chinali kabwato kamodzi kansalu, ka munthu mmodzi wovala chipewa choyera, osafulumira ngakhale pang'ono. A Tembo anati ameneyo akanakhala ku Lusaka akanamugenda.

Abambo sanadandaule. Anayamba kusimba za akulu awo, mmene anawatengera kuthengo ali ndi zaka khumi, mmene anawaphunzitsira kuti mphepo uziimva pakhosi osati pankhope, mmene anawanyamulira pamsana usiku wonse atabayidwa ndi chitsa. Anati a Yotamu akadzaona m'galasi koyamba adzaseka mpaka kukhosomola, chifukwa munthu ameneyo chinthu chachilendo chilichonse amayamba wachiseka. Ndinayang'ana wotchi n'kuwonjezera maola asanu ndi limodzi. Kwathu inali itadutsa folo koloko, nthawi imene anthu amakhala akubwera kumanda, makasu ali pamapewa. Ndinagona pampando n'kunena kuti fungo la utsi landipweteka mutu.

Njira ya ku Upper Marlboro imadutsa m'minda ya fodya. Abambo ataona zigafa zamatabwa, masamba akulendewera m'kati, anatsitsa windo n'kununkhiza, anati apa ndiye pa Kasungu penipeni, kungosowa njinga. Sitolo yake inali yaing'ono, yogulitsa mbedza, nsapato za mphira, chakudya cha agalu ndi zakumwa. Mwini wake, mayi wonenepa wa tsitsi lofiira, anatulutsa kagalasi kakafupi, kakuda, kokongola. Abambo anakaika m'dzanja, tochi mbali inayo, ndipo kwa nthawi yoyamba tochi ndi imene inatsika. Anamwetulira. Dzanja linayamba kulowera m'thumba. Nthawi inali isanakwane n'komwe thwelofu.

Ndinafunsa mayiyo, ndi Chingerezi changa cha kusukulu chija amati n'chamwano, ngati angalole kuti kagalasiko tikaike kaye m'bokosi la ayezi mmene munali zakumwa. Ananyinyirika, koma a Tembo anali atagula kale botolo ndi mtedza, ndiye analola. Tinadikira. Ine cholinga changa chinali kudya nthawi basi, ndipo ndinali nditakonzeka kunama kuti ndikuona nthunzi ngakhale mutakhala mulibe. Sipanafunike kunama. Atakatulutsa, abambo anasuzumiramo n'kupeza muli mbuu, ngati m'bafa munthu atangosamba. Anakapukuta kunja, koma nkhungu inali m'kati.

Panja anandigwira paphewa. "Nambewe, lero wawapulumutsa atate ako aakulu. Akanakaona chiyani m'dzinja ndi chimenechi?"

Abambo sanditchula Nambewe kawirikawiri. Ndikapalamula ndimakhala Edina, ndipo ndimakhala Edina pafupifupi masiku onse.

Mayi uja sanasunge mangawa. Anati ngati tikufunadi chinthu chokhalitsa tiwoloke nyanja, tipite cha ku Easton, kuli mkulu wina amene ntchito yake ndi magalasi a mfuti okhaokha, ogulitsa ndi okonza. Anajambula njira papepala lokulungira nyama. Foni ya pakhonde pake ndinali nditaipachika kale kapepala kolembedwa kuti yawonongeka, ndi zilembo zazikulu za munthu wamkulu. Zilembo za anthu akuluakulu ndimazitha, ndinaphunzirira pa makalata opempha tchuthi kusukulu.

Tinakhotera kumpoto, kenaka kum'mawa. Ndinawerengera m'mutu n'kuona kuti abambo akapitiriza kuyendetsa chonchi tikhala titabwerako folo koloko. Tisanafike ku Annapolis tinaima kuthira petulo. Abambo anatsegula boneti kuona oyilo, kenaka analowa kukalipira, a Tembo anapita kuchimbudzi. Ndinazula waya umodzi wonenepa pakati pa injini n'kuubwezera mongogunditsa. Abambo atabwerera n'kupotokola kiyi, galimoto inakana kulira. Ndinali ndisanayambe n'kunyada komwe pamene abambo anatsika, kusuzumira kamodzi, kukankha wayawo ndi chala chachikulu, n'kutseka boneti. Mphindi ziwiri. Ndinaiwala kuti ndikuseweretsa munthu amene wakhala m'mainjini zaka makumi awiri.

Ndiye ndinachita chimene chinatsala. Abambo anapita kukasamba m'manja, kiyi ali pobayira. A Tembo anali panja kudziwongola msana. Ndinatsitsa timabatani tonse tinayi ta zitseko, n'kutuluka, n'kumenyetsa chitseko.

Pamenepo tinakhala kupitirira ola. Mnyamata wothira petulo anabweretsa hang'ala ya waya yopachikira zovala, abambo anaiwongola, anaipinda kunsonga, anayamba kuwedza kabatani kudzera m'mphira ya windo. Kanali kosalala, waya unkangoterereka. Anthu ankaima kupereka nzeru, wina akuti tiswe kawindo kakang'ono, wina akuti tiitane apolisi. Dzuwa linatentha. Abambo anatuluka thukuta mpaka malaya kumata, ndipo ndinayamba kuopa bipii imene ndinatumidwa kudzaiteteza. Waya utaterereka kachisanu ndi chiwiri anatembenuka.

"Edina, masiku onse a chaka unasowa lochitira zimenezi? Lero, pa ntchito ya achimwene? Chaka chamawa ndikutumiza kwa atate ako aakulu, akakuwongole iwowo. Ine ndalephera."

Ndinayankha kuti chabwino. Ndinayankha ndikumwetulira, chifukwa ndi mmene ndimayankhira nthawi zonse, ndipo ndikanasintha akanadabwa. 

Pamene ndinkayang'anira abambo, a Tembo ananditayika. Ndinawaona mochedwa, kudzera pagalasi la ofesi, atapempha foni ya mwini malo, imene inali kuseri kwa kauntala kumene chingamu changa sichikanafika. Ndinawaona akuseka, kenaka kuseka kunatha, kenaka anavula chipewa foni idakali kukhutu. Potuluka ndinawatchingira pakhomo. Sindinanene zambiri, ndinangoti amayi akuti sikisi koloko, a Chirwa ali m'njira. 

"Iwe mwana, unaziba kuchokela m'mawa?"

Ndinagwedeza mutu. Anapukuta kumaso ndi chipewacho, n'kulonjeza kuti satulutsa liwu. Ndipo analisungadi lonjezolo, kuposa mmene ndinkafunira. Waya uja utawedza kabatani potsiriza, a Tembo anathamanga kukawatsegulira abambo mbali ya dalaivala. Anafunsa ngati atopa, ngati angawalandire chiwongolero. Pageti la mlatho waukulu wa panyanja anatulutsa okha ndalama yolipira, munthu amene chibadwire sanagulirepo abambo ngakhale nthochi. Abambo anawaponyera chipongwe kuti kodi a Kalaliki adwala, iwo n'kuyankha kuti iyayi ba Mbewe, nili chabe bwino. Ba Mbewe. Ndinawatsina kumbuyo kwa mkono kuti atukwane, koma anangosuntha mkonowo.

Mlathowo ndi wautali moti kutsidya sikuoneka, ndipo ena amauopa. Ine sindinauone bwino. Ndinkaona khosi la abambo kumbuyo, ndi maso awo pakagalasi koonera m'mbuyo, amene anakumana ndi anga kamodzi n'kubwerera pamsewu. Kuchokera pamenepo sanasimbenso nkhani. Ndinaganiza kuti akadali okwiya chifukwa cha kiyi.

Mkulu wa ku Easton tinamupeza m'kashedi kuseri kwa nyumba yake, mzungu wokalamba wa manja onjenjemera, amene ankasiya kunjenjemera akangogwira sikuludiraivala. Iye sanayambe ndi kutulutsa katundu. Anayamba ndi mafunso. Mfutiyo ndi ya ndani, ali ndi zaka zingati, amasaka chiyani, amaombera patali bwanji, amayenda pansi maola angati. Abambo anayankha zonse bwinobwino. Anati akulu awo amayenda tsiku lonse, amaombera pafupi chifukwa tchire ndi lowirira, nthawi zambiri m'bandakucha. A Tembo anati akufuna mpweya, anatuluka.

Mkuluyo anati munthu wotere safuna galasi lokuza kwambiri, chifukwa nguluwe ikakhala pafupi udzangoona ubweya osadziwa kuti mutu uli kuti. Safunanso la mphete zambiri zopotokola, pakuti chilichonse chopotokoka tsiku lina chimamasuka, ndipo kuthengo kulibe wokonza. Anatsegula kabati n'kutulutsa limodzi losaoneka bwino n'komwe, lokuza kanayi basi, lokhala ndi kamtanda ka mizere yonenepa kuti maso otopa aione kukadali mdima. Analimiza m'ndowa ya madzi ofunda n'kutiuza kuti tiyang'anire thovu. Silinatuluke ngakhale limodzi. Analipukuta, analigogoda ndi kahamala ka mphira mbali zonse, analiika pachitsulo choyesera, kamtanda kanali pomwe kanali. Anaonetsa abambo kuti diso likhale zala zinayi kuchokera pagalasi, kuti mfuti ikamenya lisadule nsidze. Kenaka anayala kalata ya a Yotamu pathebulo, mbali ya pensulo ija, n'kusankha timphete tomangira tofanana ndi chithunzicho. Anati amene anajambulayu ndi munthu wosamala.

Abambo anatenga tochi. Manja awiri aja anakwera, anatsika, anakweranso. Tochi inalemera. Kenaka anavula mandala awo n'kuwaika m'thumba, anaima pakhomo la shedi, analoza galasi kumtengo wa kutsidya kwa munda. Anauza mkuluyo kuti popanda mandala maso awo ndi ofanana ndi a akulu awo, ndiye akufuna aone mmene iwo adzaonere. Anati akuona tsamba lililonse.

Pamenepo ndinadziwa kuti ndiyamba kulira. Pashelefu panali timapito toitanira abakha. Ndinatenga kamodzi n'kuliza ndi mphamvu zanga zonse. Galu wa mkuluyo anadzuka n'kugunda ndowa ija, madzi anamwazika pansi ponse, a Tembo analowa akuthamanga. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi ya kuseka palibe amene amaifunsa. Mkuluyo anasekanso. Abambo sanandikalipire, anangondiuza kuti ndikolope.

Potsanzikana mkuluyo analemba keyala yake pakakhadi, anati a Yotamu akadzapha nguluwe yoyamba amulembere, akufuna adzamve. Abambo anakapinda kakhadiko bwinobwino n'kukaika m'kalata muja. Anati uthengawo ufika.

Tinanyamuka folo koloko isanakwane. Ulendo wobwerera ndi wa ola ndi theka, ndipo ine zida zinali zitandithera. Kiyi abambo ankayenda naye m'thumba, boneti sankatsegulanso, a Tembo anali ngati thumba la chimanga. Ndinaganiza zonamizira kutsegula m'mimba, ndinaganiza zoponya nsapato pawindo. Ndisanasankhe, abambo anapatutsa okha galimoto pambali pa munda waukulu wokololedwa, pamene panatera atsekwe ambirimbiri. Anati akufuna aliyesenso galasi dzuwa likamapita, poti akulu awo amasaka kuwala kukachepa.

Anatsika yekha, anatsamira boneti, anavulanso mandala. Anakhala pamenepo nthawi yaitali kwambiri, galasi lili padiso, osalisuntha, ngakhale atsekwewo atauluka n'kusiya munda uli mbee. Diso lina anali atatsinzina, lina linali m'galasi, ndiye sindikanadziwa chimene chinkachitika m'menemo. A Tembo ankalira mwakachetechete kutsogolo, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinkayang'ana wotchi ndi kuthokoza mwayi wanga. Atabwerera m'galimoto anaimanso kawiri, koyamba kugula maungu pamsewu, kachiwiri kuyesa mpweya wa matayala amene analibe vuto. Pamsewu waukulu anayenda kumbali ya oyenda pang'onopang'ono, malole akutipitirira, ndipo palibe amene anawauza kuti aponde mafuta.

Tinafika ku Wheaton sikisi koloko itadutsa pang'ono, kunja kukadali kowala. Poimika magalimoto panali podzaza. Ndinazindikira ya a Chirwa, ya akazi a a Tembo, ndi zina zitatu za anthu a kumpingo amene sabwera kwathu Loweruka. Abambo anazimitsa injini koma sanatsike. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana kutsogolo.

"A Tembo, kuyambira pa petulo paja simunanditukwane. Iwe Nambewe, wachitapo zambiri, koma kiyi sunaiwalepo. Iwe suiwala kanthu."

A Tembo anatsegula pakamwa. Abambo anakweza dzanja.

"Musandiuze. Si ntchito yanu, ndipo si ya mwanayu. A Chirwa achokera kutali, tisawalande."

Anatulutsa mpango, anapukuta kumaso, anapukuta mandala, anavala. Anakonza kolala pakagalasi koonera m'mbuyo. Anandiuza kuti ndinyamule maungu, a Tembo anyamule tochi, iwo anapanira kabokosi ka galasi m'khwapa. Tinakwera masitepe mmodzimmodzi, iwo patsogolo. Pakhomo anaima pang'ono, ndinamva akukoka mpweya, kenaka anatsegula n'kuitana ndi mawu a munthu amene wabwera ndi zabwino.

"Amake Edina, talipeza. Lopepuka kuposa tochi."

Pabalaza panali amuna asanu atakhala mwaulemu, zipewa zili pamaondo. Kukhitchini azimayi anali zii, madzi okha akuwira. Abambo anachita ngati adabwa, anapatsa moni aliyense pamanja, mmodzimmodzi, kufunsa za kunyumba ndi za ana, osadumpha ngakhale mmodzi. A Chirwa anawalozera mpando umene anawasiyira pakati. Anakhala, kabokosi kali pamiyendo.

Ine ndanamizapo aphunzitsi, abusa, apolisi a pamsika waukulu, ndipo tsiku limenelo ndinanamiza bambo anga ondibala kuyambira m'mawa. Sindinapepese, iwonso sanandifunse kuti ndipepese. Koma ndinaima pakhomo paja maungu ali m'manja n'kudziwa kuti pa ntchito imeneyi ndine mwana chabe. A Chirwa anakonza pakhosi, anayamba ndi kuyamika Mulungu kuti tayenda bwino, anati kumudzi kwabwera foni, anati a Yotamu sanali bwino masiku apitawa. Abambo anaweramira kutsogolo, manja ali pakabokosi, n'kuwathandiza mkuluyo ndi funso limene ankalidikira.

"Kodi a Chirwa, achimwene ali bwanji tsopano?"